Ndinkagona mbandakucha chifukwa cha anthu osandidziwa nkomwe

Zomwe mwalembazi zoti kukondetsa anthu otchuka pa intaneti kumadwalitsa maganizo ndi zoona zokhazokha, ine ndadutsamo. Ndinali mgulu la mafani a BTS, gulu loimba la ku South Korea, pa Twitter isanakhale X, ndinkachita kutchera alamu kuti ndidzuke kukawavotera pa mipikisano, foni ili pa chaja maso akuwawa koma osasiya, ndipo wina akangonyoza gulu lathu basi ndewu mpaka kucha mtima ukugunda ngati andinyozera mayi anga. Mu June 2022 a BTS atanena kuti aliyense ayamba wapanga kaye zake ndinalira eti, chakudya osadya, kuntchito mutu osagwira. Pambuyo pake ndinawerenga zoti akatswiri ofufuza Horton ndi Wohl anazitchula kale zimenezi mu 1956, akuti parasocial, chikondi cha mbali imodzi, iwe ukudziwa mpaka tsiku lake lobadwa iye sadziwa kuti ulipo.

Koma mwaiwala chimodzi, opweteka kwambiri ndi mafani anzako omwe. Ukangosowa masiku awiri akuti ndiwe wa feki. Ndinachotsa app ya Twitter ija, sabata yoyamba chala chinkangopitabe chokha pamalo pomwe inali paja. Nyimbo za BTS ndimamverabe koma.