Utsi wakudawo ndi ndalama zanu, abale

Dzulo ndapsa mtima kwambiri. Alamu anga ali ndi Isuzu KB yakale ya 2.5 turbo imene amapikulira mbatata ya kachewere ndi kabichi ku Tsangano. Mwezi watha anakumana ndi makaniko wina wa pansi pa mtengo amene anawauza kuti, "Akulu, ndingoigwira pampu ya dizilo pang'ono, dizilo wa ulendo umodzi muziyendera maulendo awiri." Anadula kawaya kamene anamanga kufakitale pa pampuyo, n'kupotokola sikulu ya mafuta, n'kutseka EGR (vavu yobwezera utsi wina mu injini) ndi kachitsulo, ndalama m'thumba. Dzulo galimoto yafera pa chitunda itatsala pang'ono kufika pa Lizulu, matumba ali tho kumbuyo. Ndinapita kukaikoka ndine. Titamasula paipi ya turbo, oyilo anachita kuyenderera pansi, ndipo nditagwira kafani ka mkati ndi chala kanali gwedegwede. Chitseko cha kumbuyo chonse chakuda bii ngati mphika wa pamafuwa.

Ndiye ndifunse, munthu ukuona galimoto yako ikufuka utsi wakuda mpaka wanjinga wa kumbuyo akutseka mphuno, ukuti ukupulumutsa dizilo uti? Utsi umenewo ndi dizilo amene sanapse bwino. Munamugula, munamuimira pamzere, ndipo akutulukira ku ekizozi osagwira ntchito. Ndi ndalama zanu zimene zikuuluka pa M1.

Injini ya dizilo imafuna mpweya wambiri kuti mafuta apse bwino. Ntchito ya turbo ndi imeneyo: utsi wotuluka umaizunguza, iyo n'kumakankhira mpweya mu injini, ndipo imazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Sikulu ija ukaipotokola wawonjezera mafuta, mpweya sunawonjezere. Galimoto imakoka ndithu masiku oyamba, mwini wake n'kumasekerera, koma moto wa ku ekizozi umakwera, turbo n'kumapsa, mapisitoni n'kumavutika. Komanso kuno n'kumtunda. Boma la Dedza lili pamwamba kuposa mamita 1,500, mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi ku Salima kapena ku Balaka. Kumene mpweya wachepa kale, iwe ukuthirako mafuta ena. Nzeru zake zili pati?

Ndikudziwa, dizilo wadula, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 ndipo aliyense akufuna pothawira. Koma safunsa anadya phula. Alamu anga sanafunse munthu, anangomva mawu okoma.

Ena mwagula timabokosi pa intaneti tolumikiza ku waya wa Hilux D-4D, tili ndi timagetsi tobiriwira. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Tambiri timangonamiza kompyuta ya galimoto kuti ikweze presha ya mafuta, pamene injini zimenezi zimapopa kale dizilo pa presha yaikulu yoposa 1,000 bar. Alipo akatswiri odziwa kusintha pulogalamu ya injini ndi makina oyezera, sindikuwakana. Koma munthu wogwira sipanala ya 10 n'kumamvetsera ndi khutu, ameneyo sakuchuna injini, akuiotcha.

Chondiwawa n'chakuti nditatsegula bokosi la air filter (fyuluta yosefa mpweya) la alamu angawo, fumbi la ku Tsangano linali gwaa, moti ukaimenya pa tayala mpaka kutsokomola. Fyuluta yotseka ndi imene inkawadyera mafuta kuyambira kale. Matayala a kumbuyo anali ophwa theka, katundu wopitirira muyeso. Manozo opopera dizilo mu injini sanayezedwepo chigulireni galimoto. Zimenezi ndi zimene zimadya dizilo, pamodzi ndi phazi lolemera pa mafuta. Alamuwo akafika pamsika amazimitsa injini nthawi yomweyo turbo idakali yotentha, osaisiya kuti ilire pang'ono oyilo azungulire. Ndalama anapatsa makanikoyo akanagula fyuluta yatsopano n'kutsala chenji. Lero akufunsa mtengo wa turbo ku Lilongwe, mbatata ikuwola pakhonde.

Galimoto ikafuka utsi wakuda ikukuuzani kuti mafuta achuluka kapena mpweya wachepa. Palibe sikulu yobisika imene azungu anaiwala kupotokola kuti adzaitulukire wa pansi pa mtengo. Kawaya kaja anakamanga dala.

Ndipo inu amene mumatsetsereka Khwekhwelele kupita ku Golomoti giya ili pa fili, ati kusunga mafuta, ndinu oopsa kuposa makaniko uja. Galimoto za masiku ano zikakhala mu giya phazi litachoka pa mafuta, kompyuta imadula dizilo yokha. Pa fili injini ikumwabe, ndipo katundu yense wagwera pa mabuleki. Akatentha pa makona aja mudzaima ndi chiyani, mutanyamula ana a eni?