Paliponse Pasanduka Maldives

Koma Chingerezi cha otsatsa malo okopa alendo chandikwana. Akangoona madzi oyera mbee ndi kamchenga pang'ono, basi dzina lapezeka kale: Maldives. Gombe la Ksamil ku Albania akuti ndi "Maldives of Europe". Ku Italy nakonso ali ndi yawo, ku Pescoluse. Dzina la dziko la eni lasanduka mchere wothira m'ndiwo iliyonse.

Chonsecho Maldives ndi tizilumba pafupifupi 1,200 mu Indian Ocean, likulu lake Malé, ndipo anthu ake amalankhula Dhivehi. Si mahotela okhaokha ayi.

Zondiseketsa kwambiri n'za ku Novosibirsk, ku Russia. Mu 2019 anthu ankakhamukira ku dziwe lina lokongola kukajambulitsa zithunzi za pa Instagram, amvekere "Siberian Maldives". Dziwelo n'lotayiramo phulusa la malasha lochokera pamalo opangira magetsi! Kukongolako n'kwa mankhwala osungunuka m'madzimo, moti eni malowo anachita kuchenjeza anthu kuti asamasambemo.

Ndiye dzulo alamu anga anditumizira chithunzi ali ku Cape Maclear, pansi alemba kuti "Maldives yathu". Alamu, kumeneko n'kwa Chembe, ndipo zouluka pabwatopo ndi nkhwazi.