Matikiti onse pafoni ya munthu mmodzi

Mwapita kukacheza kwa anzanu ku America, mwagwirizana zokaonera baseball ya MLB, ligi yaikulu ya masewerowa kumeneko. Mmodzi wagula matikiti a gulu lonse n'kuwasunga pafoni yake, ndiye iyeyo n'kukhala wochedwa. Zimenezi zimakwiyitsa zedi! Ena nonse mwangoti njo pageti. Chithunzi cha tikiti chotumizidwa pa WhatsApp nthawi zambiri sichigwira ntchito, chifukwa barcode yake imasinthasintha. Wogulayo atumizire aliyense tikiti yake kudzera pa app ya pafoni ya MLB Ballpark usiku woti mawa ndi masewero, osati pageti pomwe netiweki imavuta ndi chinamtindi cha anthu.

Kuchedwa masiku ano kumapweteka. Kuyambira 2023 woponya mpira amapatsidwa masekondi 15 okha oti aponye ngati palibe wothamanga pa base (malo omwe womenya mpira amathamangirako), moti masewero a ma inning (zigawo) 9 amatenga pafupifupi maola awiri ndi mphindi 40. Mukataya theka la ola panja, ma inning pafupifupi awiri akudutsani.

Kenako wina watulukira ndi chikwama chakumsana. Kubwalo la Wrigley Field ku Chicago salola. Ku Dodger Stadium ku Los Angeles amafuna chikwama choonekera mkati, chosapitirira mainchesi 12 x 12 x 6. Abwerere nacho kugalimoto, mzere akauyambirenso kumapeto.