Kaloko ka lamba kapena harness: za ku Zambia, Mozambique ndi ku Joni, ndi chotiyenera ife a ku Zomba

Galimoto ikukhotera kumanzere mwaliwiro, thupi likuthawira kumanja, bondo lakanikiza chitseko, ndipo manja amene amayenera kuwongolera angokakamira chiwongolero kuti mwini wake asachoke pampando. Aliyense amene anayesapo kuzungulira makoni, tizizindikiro tapulasitiki toimika pansi, pabwalo amazidziwa zimenezi. Pakona yothina, munthu wa makilogalamu 70 amakankhidwira m'mbali ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwake komwe. Lamba wamangidwa, koma sakumugwira.

Lambayo sanawonongeke ayi, anapangidwa choncho. Lamba wa nsonga zitatu, amene Nils Bohlin anapangira kampani ya Volvo mu 1959, masiku ano amatuluka m'chokulungira chobisika m'chipilala cha pakati pa zitseko. Mmenemo muli kampira kachitsulo kamene kamagudubuka galimoto ikaima mwadzidzidzi kapena ikapendekeka, ndi kadzino kamene kamakola lamba akakokedwa mwamphamvu. Malamulo a United Nations okhudza malamba a galimoto, otchedwa UN R16, amati chokulungiracho chizikola liwiro likamatsika pa mlingo wa 0.45 g, ndiko kuti thupi likamakankhidwa ndi mphamvu yoyandikira theka la kulemera kwake. Koma chimakola kumtunda, paphewa. M'chiuno lamba amangodutsa momasuka pabowo la kalilime kachitsulo kolowetsa m'chomangira, ndiye thako limatsetsereka ndithu lamba asanalimbe.

Kaloko ka lamba kanabwerera mpata umenewu. Kodziwika kwambiri ndi CG-Lock. Kamamangiriridwa pa kalilime kaja ndi tizomangira ta sipanala ya Allen, lamba n'kudutsa pa kachitsulo kotsetsereka. Mukamanga, mumakokera m'mwamba chigawo cha paphewa, cha m'chiuno n'kuthina osabwereranso mpaka mutakweza kachogwirira kake. Cha paphewa chimakhalabe chomasuka, chokulungira ndi airbag n'kumagwira ntchito monga kale. Ntchito yake yathera pomwepo. Kamakhazika chiuno pampando kuti manja apepuke ndipo mumve msanga matayala akumbuyo akayamba kuterera. Sikasandutsa Vitz kukhala galimoto ya mpikisano.

Kumene kachipangizo kotere kali ndi malo ake enieni ndi kummwera. Ku South Africa kuli mabwalo a tala omangidwira masewerawa: Kyalami, Zwartkops kufupi ndi Pretoria, Killarney ku Cape Town. Ku Zimbabwe kuli Donnybrook ku Harare. Kumabwalo ngati amenewa kumakhala masiku oti munthu abwere ndi galimoto yake ya tsiku ndi tsiku, avale chisoti, amange lamba wa kufakitale, azungulire bwalo popanda kulimbirana chikho. Galimoto imeneyo mawa lake ikupita kuntchito, choncho mwini wake safuna kuboola pansi kapena kuchotsa mipando. Kwa munthu wotero kaloko n'koyenera. Akafuna kulowa mpikisano weniweni, malamulo a Motorsport South Africa amamupeza, ndipo nkhani ya kaloko imatha.

Ku Zambia mwambo wake ndi wina. Masewero amene anazika mizu kumeneko ndi rally, ya m'misewu yafumbi ndi m'mafamu. Zambia International Rally inakhala m'gulu la mipikisano ya African Rally Championship kwa zaka zambiri, ndipo dalaivala wa kumeneko Satwant Singh anatenga ukatswiri wa Africa kasanu ndi katatu. Tanzania nayo ili ndi rally yake mumpikisano womwewo. Mu rally yotsata malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, funso la kaloko silibuka n'komwe, chifukwa galimoto siinyamuka isanadutse m'manja mwa oyendera. Amafuna roll cage, khola la mapaipi achitsulo lowotchereredwa m'kati, mpando wa mpikisano, harness (malamba a mpikisano ogwira mapewa onse awiri ndi chiuno), chisoti, chogwira khosi, ndiponso timipeni tiwiri todulira lamba toikidwa poti dalaivala ndi mnzake afikepo ali chimangidwire. Chimene ndimasirira kwa anzathuwa si zida zokha, koma kuti pali munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga chizindikiro cha pa lamba n'kunena kuti ayi, lero simuthamanga.

Ku Mozambique, bwalo la ATCM ku Maputo limadziwika ndi drift. Pamenepo galimoto imayenda cham'mbali, n'kutembenukira mbali ina mwadzidzidzi, dzanja limodzi lili pa handibuleki. Kaloko kangathandize wophunzira, koma chiuno chokha sichikwanira. Mapewa amafuna mpando wokhala ndi mapiko m'mbali. Ngakhale malire a Nayuchi tili nawo pafupi, Maputo ali kutali kuposa Harare ndi Lusaka, ndiye zambiri za kumeneko timangozionera pa foni.

Ndipo pa foni pomwepo ndi pamene vuto lathu limayambira. Kuno ku Zomba tilibe bwalo la tala la mpikisano, tilibenso woyendera. Msewu wokwera ku Ku Chawe uli ndi makona okopa, koma ndi wa anthu otsika ndi nkhuni panjinga ndi ana ogulitsa zipatso, si poyeserera. Chotsala ndi bwalo lotsekedwa, lopemphedwa kwa eni ake, lokhala ndi makoni. Mnyamata akaona malamba ofiira pa kanema amaitanitsa harness ya nsonga zinayi yotchipa, n'kupita nayo kwa makaniko kuti aimange pa mabawuti a mpando wakumbuyo. Watenga maonekedwe a ku Zambia n'kusiya zonse zimene zimachititsa kuti harness ikhale yoteteza. Kunena mosabisa, galimoto yotero ndi yoopsa kuposa mmene inachokera ku Japan.

Zifukwa zake ndi zitatu, ndipo n'zofunika kuzimvetsa bwino. Choyamba, harness ya nsonga zinayi ilibe lamba wa pakati pa miyendo. Pangozi thupi likakankha malamba a m'mapewa, iwo amakokera lamba wa m'chiuno m'mwamba, kuchoka pafupa kufika pamimba, munthu n'kulowa pansi pake. Chimene chimavulala ndi matumbo, chiwindi ndi msana. Makampani ena, monga Schroth, anakonza harness ya nsonga zinayi yokhala ndi njira yoletsa zimenezi, koma si zija zopanda dzina. Chachiwiri, galimoto ikagubuduka denga n'kuphwanyikira m'kati, lamba wa nsonga zitatu amalola thupi kupendekera m'mbali, pamene harness imakuimikani chilili, mutu pansi pa denga. Popanda roll cage, khosi ndi limene limasenza galimoto. Chachitatu, mapewa akagwidwa zolimba mutu wokha ndi umene umaponyedwa kutsogolo, ndipo chisoti chimawonjezera kulemera. Kuthyoka kwa tsinde la chigaza ndi kumene kunapha Dale Earnhardt ku Daytona mu 2001, ndipo mu 2003 Formula One inalamula kuti aliyense azivala HANS, chogwira khosi chija.

Palinso nkhani ya kapendekedwe. Malamba a m'mapewa ayenera kuchoka paphewa kupita kumbuyo mopingasa kapena motsika pang'ono, madigiri 0 mpaka 20. Akamangidwa pansi penipeni kuseri kwa mpando, pangozi amakanikizira msana pansi ngati munthu wasenzetsedwa thumba la simenti mwadzidzidzi. Pomangirira paliponse patsopano pamafunika chitsulo cholimbitsira cha masikweya sentimita osachepera 40, chochindikala mamilimita 3, ndi bawuti ya 7/16 UNF kapena M12 ya giredi 8.8. Washa wamba amang'amba chitsulo cha pansi n'kutuluka. Harness yovomerezeka masiku ano imakhala ndi nambala ya FIA 8853-2016, nsonga zisanu ndi imodzi, ndi chaka chimene imathera ntchito, zaka zisanu kuchokera pamene inapangidwa. Pomanga mumayamba kuthinitsa m'chiuno, mapewa pomaliza.

Amene alibe ndalama ya zonsezi pamodzi, ndipo ndife ambiri, atsate njira ya kummwera: lamba wa kufakitale, chisoti chabwino, ndi kaloko ngati akafuna. Koma ayambe wayendera lamba yemweyo, chifukwa magalimoto athu ambiri ndi akale, olowera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo ena anachitapo ngozi asanakwere sitima. Tulutsani lamba yense mpaka kumapeto, muone ngati wayamba kusosoka m'mbali, wauma kapena wasuluka ndi dzuwa. Mukokeni mwamphamvu kamodzi; ayenera kukola nthawi yomweyo. Tembenuzani kiyi muyang'ane nyali ya SRS, yochenjeza za airbag: iyake, kenako izime pakapita masekondi ochepa. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anachotsa babu pofuna kubisa vuto. M'malamba ambiri muli kachipangizo kamene kamaphulika pangozi n'kukoka lamba, ndipo kamagwira ntchito kamodzi kokha. Lamba woduka sapita kwa telala kapena kwa osoka nsapato, amasinthidwa yense. Akachita nkhungu ndi chinyezi cha dzinja la kuno, mutsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wofewa, aume pamthunzi. Jiki, petulo ndi parafini zimafooketsa ulusi.

Poika kaloko, yesani kaye ngati kakukwana pa kalilime ka galimoto yanu, poti malilime amasiyana kukula. Kasatchinge batani lofiira lomasulira, ndipo kasagunde pulasitiki ya pambali pa handibuleki mpaka kalilime kulephera kulowa n'kulira kuti "khethe". Mangani tizomangira mosinthanasinthana kuti kakhale mowongoka, lamba asapotoke. Khalani chakumbuyo kwenikweni kwa mpando, tsitsani lamba afike pafupa la m'chiuno pamwamba pa ntchafu, kenako thinitsani. Mukathinitsa ali pamchombo mwadzipangira nokha vuto lija la harness yotchipa. Chotsani foni ndi makiyi m'matumba. Pomaliza yesani kumasula ndi dzanja limodzi, maso ali otseka, kangapo. Mukachedwa ngakhale pang'ono, kachotseni.

Ilipo njira ina yosalira ndalama. Bwezani mpando m'mbuyo, kokani lamba athine m'chiuno, mugwedezeni mwamphamvu paphewa kuti akole, ndipo ali chikolere sunthirani mpando kutsogolo mpaka lamba akugwireni. Imagwira chifuwa ndi chiuno pamodzi, koma imamasuka mukangopuma mozama kapena kutsamira kwambiri, ndipo imachitika bwino pampando wamagetsi. Malamba ena amakola okha mukawatulutsa onse. Amenewo anapangidwira mipando ya ana ndipo kawirikawiri sapezeka kumbali ya dalaivala.

Musasokoneze kaloko ndi zinthu zina zimene zili mbwee m'misewu yathu. Kupana lamba ndi pegi ya zovala kuti asathine pachifuwa, kumanga lamba kumbuyo kwa msana, kapena kulowetsa kalilime kabodza kuti alamu asiye kulira, zonsezi zimachita zosiyana ndi kaloko: zimasiya mpata umene thupi limathamangamo lisanagunde lamba, kapena kuchotseratu lambayo. Kachitsulo kooneka ngati H ka mipando ya ana nakonso sikanapangidwire munthu wamkulu.

Kwa a ku Zambia titengeko woyendera, ngakhale pa tsiku la makoni la magalimoto khumi okha. Pakhale makaniko mmodzi wosapikisana nawo, woti ayang'ane lamba, mabawuti anayi a mpando, batire ngati lamangidwa, komanso chisoti, galimoto iliyonse isanalowe. Ya harness yopanda roll cage ibwezeretsedwe lamba wake wa kufakitale, apo ayi ikhale kunja kwa bwalo.