Mapangano amalonda a atsamunda ufulu utabwera: njira ya Tanzania, ya Zambia ndi ya Malawi

Katundu wambiri wogulitsidwa pa msika wa Taifa kuno ku Mzuzu, pamodzi ndi mafuta amene matanki amakwera nawo phiri la Chiweta, amachokera ku doko la Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe. Malonda otere amayenda chifukwa maboma anagwirizana za misonkho, madoko ndi njira zodutsa. M'zaka za m'ma 1960 maiko athu anayenera kuyankha funso lovuta lokhudza mapangano amene Britain anasainira m'malo mwawo: kodi amatha tsiku limene mbendera ya atsamunda yatsitsidwa, kapena boma latsopano limawasenza momwe alili?

Maiko ngati Ghana ndi Nigeria anasainirana ndi Britain chikalata chovomera kutenga ufulu ndi udindo wochokera m'mapangano akale. Tanganyika (lero mbali yaikulu ya Tanzania), imene inalandira ufulu wodzilamulira pa 9 Disembala 1961, inakana kutero. Julius Nyerere analembera mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations kuti mapangano a pakati pa maiko awiri adzatsatidwa kwa zaka ziwiri zokha, malinga mbali inayo nayo ikuwatsata, ndipo nthawiyo ikadzatha popanda kukambirana kwatsopano adzaonedwa kuti atha, kupatula amene malamulo a pakati pa maiko amawasunga. Anali ndi chifukwa chomveka. Mu 1921 Britain anapatsa Belgium malo pa madoko a Dar es Salaam ndi Kigoma, odutsirapo katundu wa ku Congo, Rwanda ndi Burundi, maiko amene Belgium ankalamulira, kuti awagwiritse ntchito mpaka kalekale polipira franc imodzi pachaka. Nyerere anati Britain anali wongosungira dzikolo eni ake, kotero analibe mphamvu yobwereketsa nthaka yake kwamuyaya. Pamenepa n'zovuta kumutsutsa, pakuti wosunga chuma cha ana amasiye sabwereketsa munda wawo kwa mlendo mpaka kalekale.

Zambia inadzera kwina. Italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, inalengeza mu 1965 kuti mapangano ambiri akale inawatenga kale potsatira malamulo a pakati pa maiko, ndipo lililonse lionedwe kuti likugwirabe ntchito kufikira boma litaliunika n'kunena kuti latha. Ku Tanzania pangano linkafa lokha ngati palibe wolidzutsa. Ku Zambia linkakhalabe ndi moyo ngati palibe wolithetsa. Munthu akaona mapu sadabwa nazo. Mkuwa wa ku Copperbelt unkatuluka pa njanji yodutsa ku Rhodesia (lero Zimbabwe), malasha oyeretsera mkuwawo ankachokera ku Wankie, ndipo magetsi ankachokera ku Kariba. Tanzania, pokhala ndi doko, ndiyo inkasenza mtolo wa mapangano odutsira katundu, pamene Zambia, yosakhudza nyanja yamchere, ndiyo inkadyerera mapangano otere. Komabe kusamala kumeneku sikunaipulumutse. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mosavomerezeka mu Novembala 1965, mapepala akale sanathe kutsegula njira, ndipo Zambia inayenera kupangana mwatsopano ndi Tanzania, n'kumanga mpope wa mafuta wa TAZAMA mu 1968 ndi njanji ya TAZARA imene inatha mu 1975.

Malawi ndiye wodabwitsa pa atatuwa. Kalata imene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linatumiza ku United Nations mu Novembala 1964 inatsata mawu a Nyerere pafupifupi ndime ndi ndime, kungoti nthawi yake inali miyezi 18 kuyambira pa 6 Julaye 1964. Koma Malawi anali m'vuto la Zambia, osati la Tanzania. Fodya ndi tiyi wathu ankatuluka pa njanji yowoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa Dona Ana kupita ku Beira, ndipo kagwiritsidwe ntchito ka dokolo kanali m'pangano la 1950 la pakati pa Britain ndi Portugal. Portugal analamulirabe Mozambique mpaka 1975. Dziko lodalira doko la mwini silingalole kuti pangano lotere lingofa chifukwa tsiku lakwana, n'chifukwa chake Banda anasunga ubale ndi Apwitikizi, anapangana za malonda ndi South Africa mu 1967, ndipo mu 1970 njanji yathu inalumikizidwa ku doko la Nacala. Anthu amasiyana maganizo pa ubale umenewu, ndipo ali ndi zifukwa zawo, koma pa nkhani ya mapangano ine ndikuona kuti Malawi analemba ngati Tanzania n'kuchita ngati Zambia, ndipo mawu a Zambia ndi amene akadanena zoona za dziko lathu.

Pa mgwirizano waukulu wa misonkho wa GATT zinthu zinatembenuka: Tanganyika inakhala membala kuyambira 1961, Malawi mu 1964, pamene Zambia inangotsata malamulo ake popanda kulowa mpaka 1982.

Njira ya Nyerere nayo siinatseke chitseko kwa anansi. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, Malawi anapatsidwa malo osungira katundu ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya, otchedwa Malawi Cargo Centres. Kusiyana kwake ndi malo a Belgium aja n'kwakuti awa anachokera m'kukambirana kwa maboma awiri odzilamulira.

Pangano la ku Vienna la 1978, lonena za kulowa m'malo kwa maiko pa mapangano, linakomera mbali ya Nyerere. Limati dziko limene langomasuka kwa atsamunda silikakamizidwa kusunga pangano chifukwa chongoti linkagwira ntchito m'dera lake, ndipo pangano la maiko awiri limapitirira pokhapokha onse awiri avomera, kaya polemba kaya mwa zochita zawo. Linayamba kugwira ntchito mu 1996, ngakhale maiko amene analivomereza ndi ochepa. Koma ndime 11 ya pangano lomweli inapatula malire, kunena kuti kusintha kwa boma sikuwakhudza, mogwirizana ndi zimene atsogoleri a bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa la OAU anamvana ku Cairo mu 1964. Pamenepa ndi pamene Malawi amaima pa mkangano wake ndi Tanzania wa nyanja ya Malawi. Pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany linaika malire m'mphepete mwa nyanja kumbali ya Tanzania, ndipo Malawi amati limenelo si pangano la malonda loti likadatha zaka ziwiri zija zitakwana. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa madzi, ndipo kumbali ya Mozambique zilidi choncho, koma kumeneko anasunthidwa ndi pangano lina, limene Britain ndi Portugal anasainirana mu 1954.