Botolo la zitsamba likhoza kumuletsetsa masewera mtsikana

Nkhani ina yatamanda mankhwala azitsamba kuti amapatsa mphamvu atsikana othamanga ndi osewera mpira wamanja, koma choopsa chake sinachitchule. Lamulo la WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse, limati chilichonse choletsedwa chikapezeka mumkodzo mwa wosewera, mlandu ndi wake ngakhale anamwa mosadziwa. Mabotolo ena amathiramo zinthu zosalembedwa kunja. Ephedra nayo ndi chomera, koma dziko la America linaletsa kuigulitsa mu 2004 anthu atafa nayo.

Mtsikana akamatopa msanga pothamanga, ayambe wayezetsa magazi, chifukwa msambo umatha ayironi m'thupi. Adye nyemba, usipa, bonongwe, malambe pambali, tiyi amwe nthawi ina. Ndipo inu aphunzitsi a masewera, msambo ukasiya kubwera musamati ndiye kulimba. Nthawi zambiri akudya mochepa ndipo mafupa akufooka, mupite naye kuchipatala.