Swichi ya agogo ndi Switch ya mdzukulu

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga, amene amakhala ku Leeds ku England, anaimba foni kuti alankhule ndi agogo ake. Atamufunsa chimene akufuna pa Khirisimasi, anayankha m'Chichewa chake chothyokathyoka chija kuti akufuna Switch. Mayi anangoti "chabwino mdzukulu wanga", koma foni itaduka anandiyang'ana modabwa. "Kodi kwawoko nyumba zilibe maswichi? Mwana n'kumalirira chinthu cha pakhoma?" Anatsala pang'ono kundituma ku hadiweya. Ndinatuluka thukuta kuwafotokozera kuti mwanayo akunena kamakina kosewerera magemu ka kampani ya ku Japan ya Nintendo, kamene kanatuluka mu 2017, ndipo ndalama yake ingagule maswichi a mudzi wonse.

Anaseka mpaka misozi, kenako anafunsa kuti, "Nanga azunguwo mawu anawathera?"

Ine lero ndabwera kudzawaikira kumbuyo mayi anga. Tatopa nako kumva kuti Chichewa n'chosauka, chilibe mawu a zinthu zamakono. Tiyeni tione katundu amene Chingelezi chinasenzetsa mawu amodzi okha awa.

Poyamba penipeni, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, switch inali kamtengo kowonda, kofewa, kokwapulira hatchi kapena mwana wosamva. Mkwapulo basi. Amene tinaphunzira nthawi imene aphunzitsi ankakutuma kuti ukathyole wekha kanthambi kokukwapulira, n'kukubweza ukabweretsa kakang'ono, switch tinailawa kalekale tisanaione pakhoma. Ku America akuluakulu ena amaitchulabe choncho mpaka pano.

Kenako kunabwera njanji. Amene anadutsapo pa Nkaya ku Balaka, pamene njanji yopita ku Nayuchi ndi ku Nacala imapatukira, mwina anadzifunsapo kuti sitima imakhota bwanji popeza ilibe chiwongolero. Pamphambano pamakhala zitsulo ziwiri zosongoka kunsonga zimene amazikankhira uku kapena uko, ndipo mawilo amangotsata kumene zaloza. Anthu a ku America amati zitsulo zimenezi ndi switch, pamene a ku Britain amati points. Ngakhale eni chiyankhulo sagwirizana. Ukaona zimenezi suvutikanso kumvetsa momwe mawuwa anakwerera pakhoma: magetsi nawo ali ndi njira yawo m'waya, ndipo kachitsulo ka m'kati mwa swichi kamalumikiza njirayo kapena kuidula.

Nkhani imene imandikomera ine ndi ya lamya. Kale ukaimba, foni inkayamba yafikira kwa munthu wokhala patsogolo pa thabwa la timabowo, n'kukufunsa kuti akulumikize ndi ndani, iye n'kusomeka chingwe pabowo loyenera. Thabwa limeneli ankaliti switchboard, ndipo malo oyamba ochitira bizinesi yotereyi anatsegulidwa ku New Haven ku America mu 1878. Ndiye ku Kansas City, ku America komweko, kunali bambo wina wokonza maliro, Almon Strowger, amene ankakhulupirira kuti anthu oferedwa akamaimba kufuna iyeyo, olumikizawo akuwapatutsira kwa mnzake wopikisana naye. M'malo mongodandaula anapanga makina olumikiza mafoni okha popanda munthu pakati, ndipo boma linamupatsa chikalata cha umwini wa makinawo mu 1891. Tangoganizani, kulimbirana makasitomala a mabokosi kunasintha kaimbidwe ka foni dziko lonse. Makinawo nawonso anawatcha switch.

Kuchokera pamenepo mawuwa anangoyenderera ngati madzi a mvula. Kabokosi kophethiraphethira kamene kamalumikiza makompyuta mu ofesi ndi switch. Kuno kwathu, chimene chimachititsa kuti khadi la banki ina litulutse ndalama pamakina a banki inanso ndi National Switch, imene inayamba kugwira ntchito mu 2015. Wosewera mpira akauponya kuchoka kumanja kupita kumanzere, amati wachita switch. Phungu akathawa chipani chimene chinamupititsa ku Nyumba ya Malamulo, nkhani ija ya Gawo 65 imene sitha, manyuzipepala a Chingelezi amagwiritsanso mawu omwewa. Ngakhale chizolowezi chathu choyamba chiganizo m'Chichewa n'kukachimalizira m'Chingelezi, akatswiri a ziyankhulo amachitcha code-switching.

Tsopano bwererani nazo kwathu zonsezi muone. Nyali timayatsa n'kuzimitsa, ndipo mawu amenewa tinawatenga pamoto wa pamafuwa. Wailesi, foni, galimoto, zonse timaziyatsa ngati nkhuni, ndipo magetsi akachoka timati athima. Sitima imapatuka. Anthu awiri amasinthana malo. Mpira amautembenuzira mbali ina. Phungu amasamuka, kapena tikafuna kumunyoza timati akuyendayenda. Mwana amakwapulidwa. Ziyankhulo timasakaniza. Mneni aliyense akukuuza momwe chinthucho chachitikira, ndipo ena akukuuzanso maganizo a wolankhulayo. Wosauka ndani pamenepa?

Ndisanamizire kuti ife tilibe mawu osenza katundu wambiri. Mlendo wophunzira Chichewa amalira ndi "kumva". Timamva phokoso, timamva kuzizira, timamva fungo, timamva njala, ndipo mwana wosamva si wogontha ayi. "Mtengo" ndi wa mango komanso wa sopo pagolosale. Kwa ife zimenezi sizisokoneza chifukwa tinakulira momwemo, monganso mwana wa ku Leeds sasokonezeka ndi Switch yake. Komanso ndivomereze kuti mawu a azunguwa ali ndi ulusi umene umawamanga, kupatula mkwapulo uja: pali njira ziwiri, ndipo kanthu kena kakusankha imodzi. Nintendo nayo sinangotola dzina, kamakinako umatha kukalumikiza ku TV kapena kukanyamula m'manja.

Chimene chimandiwawa ndi omasulira aulesi. Munthu anaphunzira kuti switch ndi "kusintha", basi waligwira ngati fupa. Ndinaonapo kapepala kolangiza za chipangizo china kakuti "sinthani makinawa musanawatsuke", pamene ankatanthauza kuti muwazimitse. Mayi anga akanawerenga akanapita nawo kusitolo kukapempha ena. Pa zinthu zamagetsi kulakwitsa kotere kungathe kupha munthu. Womasulira ayambe wafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, kodi akuzimitsa, akupatutsa kapena akusinthanitsa, kenako asankhe mneni. Aneniwo tili nawo osefukira.

Mbali inayi kulinso anzathu okonda chiyankhulo mopyola muyeso, amene amafuna tizinena kuti "choyatsira ndi chozimitsira magetsi". Pepani akuluakulu, pitani nazo kumsika mukaone ngati wogulitsa sakupatsani machesi. Amisiri a magetsi amati swichi, soketi, babu, waya, ndipo mawu amenewa anakhazikika, ali ndi zambiri zake monga maswichi, mababu. Makolo athu anabwereka mwanzeru. Anatenga dzina la kanthu ka pakhoma, kamene kanalidi kachilendo, matanthauzo ena onse aja n'kuwasiya pakhomo chifukwa kunyumba analiko kale.

Mwana uja Switch yake anamugulira. Tsiku la Khirisimasi anaimba pa vidiyo kuti awaonetse agogo ake, akudinadina timabatani, maso ali pagemu, osayang'ananso amene akulankhula naye. Mayi anamuyang'ana kwa kanthawi, anakonza magalasi, n'kumufunsa mchemwali wanga kuti, "Nanga pozimitsira pake ndi pati?"